Mmene mungamangire kagulu kothamanga kosafa ndi chisanu cha mu Juni

Nsapato zambiri zothamangira zimene anthu amagula pa kaunjika mu Januwale zimakhala zili kunsi kwa bedi pofika Malichi. Sabata yoyamba munthu amadzuka alamu isanalire. Yachiwiri akatumba awawa, yachitatu mvula yagwa usiku wonse ndipo msewu ndi matope okhaokha, basi "ndiyamba Lolemba" uja wabwereranso. Chidwi chimatha, ndipo chimathera aliyense. Chimene chimatulutsa munthu m'bulangete 5 koloko isanakwane ndi kudziwa kuti pamphambano paja wina waima kale, akunjenjemera, maso ali ku njira imene inu mutulukire.

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo pa nkhani ya masewera mawuwa ali ndi umboni. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anayesa anyamata a timu yopalasa bwato ya pasukulupo, tsiku lina aliyense atapalasa yekha, tsiku lina atapalasa pamodzi. Anapeza kuti akapalasa pamodzi ankapirira ululu kwambiri, ngakhale ntchito inali yofanana. Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga mitunda italiitali, pamene ankathamanga marathoni (makilomita 42) pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna pa 12 Okutobala 2019, anali ndi anzake 41 osinthana kumutsogolera ndi kumutchingira mphepo. Kwawo ku Kenya wakhala zaka zambiri pa kampu ya ku Kaptagat, kudzuka, kudya ndi kuthamanga ndi gulu pansi pa mphunzitsi Patrick Sang. Ngati munthu ngati ameneyu amadalira anzake, ife eni mimba za nsima tilimba bwanji tokha?

Komatu magulu nawo amafa, ndipo kawirikawiri amafa ndi matenda awiri: nthawi yomangosinthasintha, ndi liwiro losiya ofooka m'mbuyo. Zambiri zimene zili m'munsimu ndi zotchinga matenda awiri amenewa.

1. Pezani munthu mmodzi, musathamangire 20

Musayambe ndi kutsegula gulu la WhatsApp n'kulowetsamo a kuntchito onse ndi a kwaya yonse. Gulu lotero limadzaza ndi zithunzi za nsapato ndi mauthenga a "mwadzuka bwanji abale", koma pamsewu pamafika awiri. Yambani ndi awiri omwewo.

Funani munthu wokhala pafupi, woti mukumane mutayenda pansi mphindi zosapitirira 10. Mnzanu wapamtima wa ku Area 25, inu muli ku Kawale, sakuthandizani, chifukwa tsiku limene mafuta asowa nonse mugona. Akhale wa mphamvu zosasiyana kwambiri ndi zanu, ndipo koposa zonse akhale wosunga nthawi. Anthu otere amadziwika: ndi aja amafika pamsonkhano mipando isanayalidwe. Mukazolowerana, onjezani wachitatu ndi wachinayi, kuti mmodzi akapita kumudzi otsala asakhale ndi chowiringula.

Kapemphedwe kake nakonso n'kofunika. "Aise, tikufunika tiyambe kuthamanga" ndi nkhani yongocheza, aliyense amavomera ndipo palibe chimachitika. Nenani chonchi: "Lachiwiri 5 koloko ndikhala pa geti la sukulu, ndithamanga mphindi 20. Mubwera?"

2. Masiku, nthawi ndi malo zikambidwe kamodzi

Sankhani masiku 3 pasabata, pakati pazikhala tsiku lopuma, mwachitsanzo Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera amphamvu mphindi zosachepera 75 pasabata, kapena ofatsa mphindi 150. Maulendo atatu a mphindi 30 ndi poyambira pabwino. Posankha masikuwo yang'anani mapemphero a anzanu. Wa Seventh Day sabwera Loweruka, Msilamu ali ndi pemphero la m'bandakucha, ndipo Loweruka lomwelo ndi la maukwati ndi zinkhoswe, choncho zonse zithe kusanache kwenikweni.

Kenako ikani lamulo limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse: pagulu pasamafunsidwe kuti "mawa tithamanga?" Funso limeneli ndi khomo lothawira. Mmodzi akangoyankha kuti watopa, wachiwiri amati tione mmene kuchere, ndipo pofika 9 koloko usiku ulendo wafa. Chipereganyu chimayenda chifukwa tsiku lopereka silikambidwanso mwezi ndi mwezi, ndipo kuthamanga kukhale chimodzimodzi. Kulipo basi. Wolemba uthenga akhale yekhayo amene sabwera, ndipo alembe anthu asanagone.

Kudikirana ndi mphindi 5. Zikakwana nyamukani, wochedwa akudziwa njira, akupezani. Sabata yoyamba wina akwiya. Koma mukadikira mphindi 15 lero, mawa onse afika mochedwa ndi mphindi 15, ndipo amene amayamba ntchito 7:30 asiya kubwera.

3. Yendani njirayo masana musanaithamange mumdima

Onani pamene pali maenje, ngalande zosavundikira, malo opanda nyumba, ndi mipanda imene imatulutsa agalu. Magalimoto kwathu kuno amayenda kumanzere, ndiye inu muzithamanga kumanja kwa msewu, moyang'anizana nawo. Pamsewu wopapatiza khalani mzere umodzi. Choopsa m'mamawa kawirikawiri ndi njinga yakapalasa yopanda nyali, yonyamula matumba a makala, imene imatsika chitunda mosamveka. Wakutsogolo azikuwa "dzenje!" kapena "njinga!", ndipo akumbuyo azipatsirana mawuwo. Valani zoyera, kapena kajekete konyezimira konga kaja amavala a kabaza. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba, ndipo foni anyamule mmodzi, yobisika m'chiuno.

Galu akakutulukirani musawonjezere liwiro. Imani, unjikanani, kenako yendani pang'onopang'ono. Wina akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chiwewe sichidikira.

Kumene misewu ili yoipa, bwalo la mpira ndi lokwanira. Kuzungulira bwalo lalikulu kamodzi ndi pafupifupi mamita 350, choncho katatu ndi kilomita. Kumatopetsa m'maso, koma palibe amene amasochera kapena kutsala yekha. Pemphani chilolezo kwa ahedi musanayambe kulowa pabwalo la sukulu usiku.

4. Liwiro aziika ndi wakumbuyo

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera. Anthu akakhala pamodzi pamsewu palibe amene amafuna kuoneka wofooka. Wina amakankha pang'ono, mnzake amamutsatira, ndipo pofika mphindi 10 onse ali wefuwefu, aliyense akuganiza kuti akuvutika ndi iye yekha. Wakumbuyo amaona misana ya anzake ikuchepa mpaka kuzimiririka pakona. Akamafika pamene amudikirira, ena apuma kale, manja m'chiuno, ndipo iye asanameze n'komwe malovu wina amati "tiyeni". Amene amafunika kupuma kwambiri ndiye sapuma. Munthu ameneyu Lachinayi sabwera, ndipo chifukwa chenicheni sakuuzani. Angoti bondo likuvuta.

Muyeso wa liwiro loyenera uli pakamwa. Pa masiku wamba muzitha kukangana za Bullets ndi Wanderers chiganizo chonse osaduliza kuti mukoke mpweya. Gulu lonse likati zii, dziwani kuti mwathamangitsa, wina anene kuti titsike. Ena amaona ngati kuthamanga kofatsa n'kutaya nthawi, pamene ofufuza amene atsatira akatswiri a mitunda italiitali anapeza kuti pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kuthamanga kwawo amakhala ofatsa. Mtima umalimba ndi kuthamanga kotero, ndipo mawondo ndi akakolo amapeza mpata wozolowera.

Nanga amphamvu atani, azingokwawa? Pali njira zingapo zoti aliyense akhute koma gulu lisabalalike.

Yosavuta kwambiri ndi kuwerenga nthawi m'malo mwa mtunda. Nonse munyamuke pa geti kulowera mbali imodzi, ndipo mphindi 15 zikakwana aliyense atembenuke pomwe alipo. Waliwiro adzakhala atafika kutali, wofatsa pafupi, koma pobwerera nonse mumafika pa geti pafupifupi nthawi imodzi. Chosangalatsa n'chakuti pobwerera wofatsa uja ndiye amakhala patsogolo, amphamvu akumuthamangira. Kwa munthu amene wakhala akuona misana yokhayokha, zimenezi zimamusintha mtima.

Ina ndi yobwerera. Akutsogolo akafika pamphambano imene mwagwirizana, asaime. Atembenuke, athamange mpaka akumane ndi womaliza, ndipo abwere naye limodzi. Iwo awonjezera mtunda, iye sanasiyidwe, ndipo palibe amene wazizira poima.

Yachitatu ndi kuika munthu wa kumchira, amene ntchito yake tsiku limenelo ndi kukhala womaliza zivute zitani. Ku parkrun, kuthamanga kwaulere kwa makilomita 5 Loweruka lililonse kumene kunayamba ku Bushy Park mu London mu 2004, amachita zimenezi: pamakhala wodzipereka woyenda kumbuyo kwa onse kuti mlendo asakhale womaliza. Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain mutha kukaona nokha, mungolembetsa pa intaneti. Pa kagulu kanu udindowu uzisinthana, ndipo amphamvu asauthawe. Ndipotu munthu amene amakana kukhala kumchira ngakhale kamodzi pamwezi wakuuzani kale kuti gululo amaliona bwanji.

5. Mpikisano upatseni tsiku lake

Mtima wopikisana sungauphe, ndipo suyenera kuphedwa. Upatseni tsiku limodzi pasabata, mutatha kaye masabata 6 kapena kuposerapo mukuthamanga mofatsa. Ku Iten, ku Kenya, Lachinayi m'mawa othamanga ochuluka amakumana kuchita zimene amati fartlek: mphindi imodzi mwaliwiro, imodzi mofatsa, mobwerezabwereza. Inu simufunika wotchi yodula. Tenthetsani thupi mphindi 10, kenako mapolo a magetsi atatu mwamphamvu, atatu mofatsa, maulendo 6 kapena 8. Pa mapolo ofatsawo akutsogolo abwerere kudzatenga anzawo. Woitana kuti "tiyeni!" azisinthana.

Chitunda n'chabwino koposa, chifukwa onse amakhala pamalo amodzi. Kwerani mwamphamvu masekondi 30 mpaka 45, tsikani choyenda, bwerezani. A ku Blantyre ndi ku Zomba sasowa zitunda. Tsiku lotsatira likhale lopuma.

6. Mlendo akabwera

Adzabwera, mwina mayi amene wakhala akukuonani pa windo kwa mwezi wathunthu, atamanga chitenje pamwamba pa buluku, nsapato zili za mwana wake wa ku sekondale. Tsiku lake loyamba ndi limene limagamula ngati adzabwerenso. Musamufunse kuti amalemera bwanji, musamuuze kuti nsapato zake si zoyenera, ndipo akatswiri a pagulu asamuthire malangizo onse tsiku limodzi. Mmodzi wa inu asiye zake, akhale naye: kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri, maulendo 8. Sabata iliyonse onjezani zothamanga, chepetsani zoyenda. Mapulogalamu odziwika a oyamba kumene amatenga masabata 9, katatu pasabata, kuti munthu afike pothamanga mphindi 30 osaima. Amalize tsiku loyambalo akumva kuti akanatha kupitiriza.

Mufunseni mwaulemu, pambali, ngati ali ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima. Ngati ali nalo, kapena wakhala zaka zambiri osachita masewera ndipo msinkhu wapitako, akaonane kaye ndi achipatala. Wa shuga aziyenda ndi switi m'thumba, wa mphumu ndi mankhwala ake opopera. Aliyense akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, ulendo wathera pomwepo ndipo gulu limuperekeze kuchipatala.

7. Za kunyumba ndi za ndalama

Izi anthu sakonda kuzikamba, koma zimapha magulu mwakachetechete. Bambo kapena mayi wapabanja amene amatuluka mumdima katatu pasabata kukakumana ndi anthu amene akunyumba sawadziwa akuputa mafunso, ndipo aneba sachedwa kuyankha mafunsowo m'malo mwake. Akunyumba adziwe njira, nthawi yobwerera ndi anthu amene mumathamanga nawo. Aitaneni Loweruka lina, ngakhale adzangoyenda. Nthawi yomaliza isungidwe ngati yoyambira, chifukwa kunyumba kuli phala la ana ndi madzi osamba. Macheza a pa geti mukamaliza ndi okoma, koma asungireni Loweruka.

Amayi asakhale mmodzi pagulu ngati n'kotheka, ndipo kukakhala mdima atengedwe pakhomo ndi kuperekezedwa pobwerera. Mawu achipongwe a m'mbali mwa msewu amachepa gulu likakhala pamodzi. Bambo amene walowa gulu kudzafunsira amayi achenjezedwe kamodzi, kachiwiri achotsedwe. Mukamulekerera, amayi ndi amene adzachoke, mmodzimmodzi, osatsanzika.

Pa ndalama, poyamba pasakhale cholipira chilichonse. Nkhani ya mayunifolomu idikire mpaka gulu litakwanitsa miyezi ingapo, chifukwa imayambitsa komiti, komiti imayambitsa misonkhano, ndipo posachedwa mukukumana kwambiri pa mipando kuposa pamsewu. Mukamasonkha ya thiransipoti yopita ku mpikisano, sankhani msungichuma, ndalama zidutse pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mndandanda wa opereka uikidwe pagulu. Chindapusa cha ndalama kwa ochedwa ine sindichikonda, chimathamangitsa amene thumba lawo ndi lopyapyala. Wochedwa abweretse nthochi Loweruka.

8. Ikani chinthu patsogolo

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, njira yomweyomweyo imayamba kukwana. Sankhani mpikisano umene uli masabata 10 kapena 12 kutsogolo, mulembetse nonse tsiku limodzi. M'mizinda mumachitika mipikisano ya makilomita 5, 10 ndi 21, ndipo oyamba asadumphire marathoni ya makilomita 42. Okonda mapiri ali ndi Porters Race ya ku Mulanje, imene imachitika mu Julayi, yoyambira ku Likhubula kukwera phiri n'kutsikanso, makilomita opitirira 20. Inayamba ngati ya anyamata onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phirimo, kenako inatsegulidwa kwa onse. Imeneyo si yopita mutangozolowera bwalo la sukulu, imafuna miyezi ya zitunda ndi njira za miyala.

Pokonzekera, ulendo wa Loweruka uzitalika ndi mphindi 5 kapena 10 sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi muzichepetsako kuti thupi lipume. Patsikulo, amene liwiro lawo ndi lofanana anyamukire limodzi, mmodzi agwire wotchi kuti anzake asatengeke ndi khamu pa kilomita yoyamba. Ku Comrades, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, anthu ambirimbiri amamaliza maola 12 asanakwane potsatira munthu mmodzi wonyamula kambendera, amene amawauza poyenda ndi pothamanga.

Sungani kope la amene abwera. Muzilemba maina okha, liwiro ayi, ndipo pakutha pa mwezi muyamikire amene sanajombe. Pa mpikisano wa kusajombawu wofatsa atha kupambana waliwiro. Ogwiritsa ntchito Strava, pulogalamu ya pafoni yolemba njira ndi mtunda umene mwathamanga, abise poyambira ndi pothera, chifukwa mapu ake amaonetsa khomo la nyumba yanu ndi nthawi imene mumatuluka.

Mukamaliza mpikisano, tsiku lokumananso linenedwe musanakwere minibasi yobwerera. Magulu ambiri amathera pa chithunzi cha mamendulo.

9. Nyengo, ndi amene wasowa

Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kukhala masiku angapo. Musadikire kuti anthu ayambe kujomba. Kumapeto kwa Meyi khalani pansi, musunthe nthawi kufika 5:30 kapena madzulo poweruka, ndipo ikhale yomweyo mpaka Ogasiti. Chipewa ndi masokosi akale m'manja zimakwanira, thupi limatentha lokha pakatha mphindi 10. Mu Okutobala ndi Novembala kumacha 5 koloko ndipo kutentha kumayamba msanga, ndiye nyamukani molawirira, chepetsani liwiro, imwani madzi musanatuluke ndi pobwera. A kunyanja ndi a ku Chikwawa ndi Nsanje asayese n'komwe kuthamanga dzuwa litakwera. Nyengo ya dzinja lamulo likhale lodziwikiratu: mvula yowaza timathamanga, mabingu ndi ziphaliwali ayi. Wotentha thupi kapena amene akumwa mankhwala a malungo akhale kunyumba mpaka achire.

Munthu akajomba kawiri motsatizana osanena kanthu, musamutchule pagulu ndi nthabwala za ulesi. Mwina kwagwa zovuta, mwina ntchito yatha, mwina anasiyidwa m'mbuyo tsiku lina ndipo palibe anaona. Mmodzi amuimbire. Ndipo m'malo mofunsa kuti mubwera liti, anene kuti, "Achimwene, Lachinayi ndikudutsirani pakhomo, tipitire limodzi." Amene wakhala masabata atatu kapena kuposerapo osathamanga asayambire pamene anasiyira. Achite theka la nthawi yake yakale, ndi wa kumchira pambali pake, n'kumawonjezera pang'ono sabata ndi sabata. Kuwawa kwa minofu ya miyendo yonse iwiri kumene kumabwera mawa lake n'kwachizolowezi, kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Ululu wobaya pamalo amodzi, pa bondo, pa chidendene kapena pa fupa la kutsogolo kwa mwendo, umene ukukula pamene akuthamanga kapena kumutsimphinitsa, ndi wofunika kupuma, ndipo ukapitirira sabata akaonetse kuchipatala. Pa masiku amenewo abwerebe pa geti ngati angathe, agwire wotchi ndi kope.